Kamzere kofiira ndi mawu anga a pa Ulongwe

Zaka zambirimbiri ndinaitanira maminibasi pa Ulongwe. Ndikati "Liwonde! Mangochi!" mbuzi za kuseri kwa msika zinkadzutsa mitu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, izinso ndachita kulembetsa kwa wina, koma pa nkhani ya mawu m'dera lathu lonse munalibe wondiposa.

Ntchito yojambula mawu anandipezera ndi Hawa, mwana wa mlongo wanga, amene amapanga mapulogalamu a pafoni. Ankapanga ina yoti mlimi wosadziwa kuwerenga azingodina, foni n'kumuuza za mbozi za m'chimanga ndi nthawi yothira feteleza. "Amalume, ndikufuna mawu a munthu wa kuno," anatero. Ndinati wafika pakhomo penipeni.

Anandisiyira foni, mahedifoni ndi kamaikolofoni kopanira pakolala. Kachitidwe kake nkotere: chiganizo chimveke m'khutu, ndidine batani, ndibwereze, ndidinenso. Pagalasi la foni pamayenda kamzere kobiriwira. Ine ndikalankhula kankafiira. Ndinati eya, mphamvu zikulowa. Masabata atatu ndinakafiiritsa kamzereko, nditakhala pakhonde loyang'ana kumsewu kuti odutsa aone.

Zimene Hawa amapanga amaziika poyera pa intaneti, kuti aliyense atenge, akonze kapena awonjezere. Ndiye anzake ena, oti sanaonanepo nawo maso, ndiwo ankamvetsera mawu anga asanalowe m'pulogalamu. Anawakana onse.

Hawa anabwera Lachisanu nditangochoka kumzikiti. Anatsegula laputopu n'kundiveka mahedifoni. Ndinamva chinthu chikung'ambika ngati lata pamphepo, kumbuyo kwake hutala ya lole. Ndinavula. Ndinazungulira nyumba kawiri, kukhala pansi, kudzukanso.

"Foni yakoyi ndi yowonongeka," ndinatero.

"Iyayi amalume, mukukuwa, n'chifukwa chake kamzere kakufiira. Lolemba ndikaonetsa pulogalamuyi kwa alimi ku Nselema. Zikakanika, aphunzitsi ena a ku Balaka avomera kale kujambula."

Mphunzitsi kutenga malo anga, ine? Tinayesa. Kufiira. Ndinanong'ona, ati sizikumveka. Ndinakweza pang'ono, kufiiranso. Thukuta kamukamu. Ndinaponya mahedifoni pamphasa, ndinati mwana iwe, munthu wa kumudzi samva ukapanda kukweza.

Hawa anandiyang'ana. "Tsiku lija kuchipatala mutalephera kuwerenga kapepala ka mankhwala, bambo wopereka mankhwala uja atakukuwirani pamzere, munamva bwino?"

Ndinakumbukira. Tsiku limenelo anthu onse anacheuka. Ndinangotenga mapiritsi n'kumapita, osamva kuti ndizimwa angati, manyazi osandilola kufunsanso.

Ndinatola mahedifoni. Tinalowa m'chipinda, kutseka chitseko, kupachika bulangeti pazenera kuti phokoso la msewu lisalowe. Ndinalankhula ngati ndikuuza mnzanga m'munda tili awiriwiri. Loweruka lonse, Lamlungu lonse, miyendo ikunyerenyetsa kufuna kutuluka, koma kamzere kali biliwiri. Anzake aja anavomera Lolemba m'mawa, Hawa ali m'minibasi ya ku Nselema.

Chimene ndinatolapo ndi ichi: munthu wosadziwa kuwerenga si gonthi. Ine ndinayenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense.

Mwezi watha pa depoti ya Liwonde ndinamva mawu anga m'foni ya mayi wina wachilendo, ataiyandikiza kukhutu, akugwedeza mutu. Pakhosi panga panayabwa kufuna kukuwa. Kumuuza ndinamuuza ndithu kuti amene akulankhulayo ndine, koma chapansipansi.