Kamunthu ka Zitini pa Windo la ku Limbe

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinkauza aliyense ku Mbayani kuti pokambirana malonda palibe angandigonjetse. Pakamwa ndinali napo. Nzeru ndiye zinali zikadali m'njira.

Amalume anga, okhoma ndowa, anapanga kamunthu ka zitini ndi mawaya kopalasa njinga. Achimwene, amene ankaphunzira zamagetsi, anakaika kamota ndi foni yakale yoonera zanyengo. Foni ikati kugwa mvula, kamunthu kankatukula ambulera. Ikati dzuwa, kankangopalasa.

Bambo wina wachimwenye, wa shopu ku Limbe, anakafuna kuti kazikopa anthu pa windo. Atagwirizana ndi amalume, ine ndinaona jombo za mpira pa shelefu. Holide imeneyo kunali mpikisano wa anyamata kwathu.

"Abwana, onjezerani jombo zija. Aka sikaima mpaka Khirisimasi. Kakaima, musandipatse."

"Wanena wekha, mwana wanga," anatero akumwetulira.

Sabata isanathe kamota kanapsa, achimwene ali kutali ku sukulu yawo, imene inali isanatsekere. Ndinayamba kulawirira ku shopu ngati ndikukaona foni, kenako n'kudzipinda m'bokosi la pansi pa windo, momwe munkakhala kamota. Ndinkazunguza waya ndi dzanja, diso pa foni. Ikaonetsa kamtambo, ndinkakoka chingwe cha ambulera.

Mawondo ankagunda chibwano. Munali kutentha, fungo la girisi ndi nsalu zatsopano, thukuta likulowa m'maso. Pa kampata ka matabwa ndinkangoona mapazi a anthu, ndikumva oitanira minibasi akukuwa. Masiku ena ndinkapeza samusa pa khomo la bokosi. Masana ndinkadziwa kuti anzanga akusewera, wina waima pa malo anga. Kutuluka kunali kutaya jombo. Kukhala kunali kutaya mpira. Apo anthu ankaunjikana pa windo, kamunthu kakangotukula ambulera n'kulowa kukagula awo.

Khirisimasi itayandikira, abwana anagogoda pa bokosi.

"Tulukani, a injiniya."

Ndinatuluka chokwawa, msana utakana kuwongoka. Anandipatsa jombo.

"Kamota kanuka n'kabwino, koma kamayetsemula kwambiri."

"Mumadziwa?"

"Nanga samusa aja ankalowa okha m'bokosi?"

Ine ndinkayesa ndi mtsikana wa pa kauntala amene ankandimvera chisoni.

Ndinafika ku Mbayani jombo zili pakhosi, mpikisano utatha kale. Ndinazivalira ku tchalitchi, zikugogoda pa simenti, amayi akubisa nkhope.

Lero ndimagulitsa mafoni ku Limbe komweko, ndipo sindichotsera munthu msanga. Koma wogula akandivomera mofulumira, akumwetulira, ndimayamba ndayang'ana kuti bokosi lili pati. Ndinaphunzira kuti mawu amene umaonjezera pa malonda, wonyamula ndiwe wemwe.

Jombo ndinazipeza, palibe anandibera. Abwana anagulitsa maambulera mpaka shelefu inayera. Inu mukaona, anapambana ndani?