Mapulamu Amene Sanawerengedwe

Tayerekezani m'mawa wamba, belu loyamba lisanalire. M'khitchini ya sukulu yathu mazenera achita nthunzi, ndipo mayi wamfupi wovala epuloni yabuluu akupukutanso tebulo limene wapukuta kale. Ana amawatchula kuti Mayi Chipande, chifukwa akafuna kuti mzere uwongoke amangokweza chipande basi. Aphika pano zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mwana amene wabwera osadya amamuzindikira pongoona milomo yake.

Amuna awo anali dalaivala wa basi mpaka pamene impso zinayamba kufooka. Mapiritsi amene ankamwa ankawadzimbitsa, choncho Mayi Chipande anayamba kuwawiritsira mapulamu ouma, zipatso zofewetsa m'mimba, m'mawa uliwonse, asanu ndi limodzi, m'kapoto kakang'ono. Bambowo ankadya zipatsozo n'kumwa ndi madzi ake omwe.

Bambowo atayezedwa magazi, namwino anati potaziyamu wakwera. Anafotokoza kuti umenewu ndi mchere wa m'thupi umene impso zodwala zimalephera kutulutsa, ndipo ukachuluka mtima ukhoza kuima mwadzidzidzi. Mayi Chipande anachotsa nthochi ndi tomato pa mbale ya amuna awo. Mbatata ankaiduladula, kuiwiritsa m'madzi ambiri, madziwo n'kutaya. Koma mwezi wotsatira potaziyamu anali pompaja.

"Mayi, tchulaninso zonse zimene amadya," anatero namwino.

Anatchula, kuyambira tiyi mpaka chakudya chamadzulo. Panalibe cholakwika.

"Ndiye mwandisandutsa mbuzi yodya kabichi pachabe," bambowo anadandaula. "Chokoma chimene chanditsalira ndi mapulamu aja basi."

"Mapulamu ati?"

"Amenewo si chakudya, anamwino," anayankha Mayi Chipande. "Ndi mankhwala a m'mimba."

"Potaziyamu sadziwa zimenezo, mayi. M'chipatso chouma amachuluka, ndipo mukachiwiritsa wina amatsikira m'madzi amene bambowa akumwawo."

Zonsezi Mayi Chipande anandiuza tsiku lotsatira, titakhala pa benchi kuseri kwa khitchini, chipande chili pamiyendo. "Aphunzitsi, bambo a kunyumba ndikanawapha ndi manja angawa, kwinaku ndikuwaseketsa." Ndinawauza zimene ndimauza ana, kuti wopeza pamene walakwitsa samu ndiye waphunzira. Anangondipempha kope losalembamo.

Kuyambira pamenepo chilichonse cholowa m'kamwa mwa amuna awo amachilemba, chikhale chakudya, chikhale mankhwala, ngakhale cha supuni imodzi, ndipo kopelo amapita nalo kuchipatala. Za kudzimbidwa adokotala anapereka mankhwala ena. M'kapoto kaja tsopano mumawira maapozi, monga namwino analangizira.

Bambowo amati maapozi alibe mphamvu. Akazi awo amati, "Mphamvu munazisiya pa chiwongolero, idyani."

Papita zaka zinayi, ndipo potaziyamu wa bambowo sanapyolenso muyezo.