Ampulifikadori ya Malemu Amuna Anga

Amuna anga anabwera nayo kuchokera ku Joni, kumene anagwira ntchito zaka zambiri pa sitolo yokonza mawailesi. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga zamoto, ena ankafikira kugula malata. Iwo anatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, pa Mandimba ndi makatoni okhaokha, ndipo limodzi linali lolemera moti anachita kunyamulizana ndi dalaivala. Titatsegula tinapezamo bokosi lachitsulo, lowala ngati sefuliya yatsopano. Kutsogolo kwake kunali chopotokola chimodzi chokwezera mawu ndi kanyali kakang'ono. Anati dzina lake ndi ampulifikadori. M'makatoni enawo munali makoluna awiri otulutsira mawu, choyimbira madisiko, ndi madisikowo.

Ndinafunsa kuti, "Bambo, chimenechi chimayimba?"

"Pachokha ayi, mayi. Chimangopereka mphamvu. Koma popanda ichi, makolunawa ndi matabwa chabe."

Anthu oyandikana nafe anadzaza pakhomo tsiku lomwelo. Ankayembekeza kuti kugunda kwake kumveka mpaka kumalire a Malawi. Amuna anga anayika disiko, nyimbo n'kuyamba pang'onopang'ono ngati munthu akuyankhula m'nyumba mwake. Wina anakuwa kuti, "Kwezani, bambo, ife kunja kuno sitikumva!" Iwo anati sichinapangidwire anthu a kunja. Atabwera ena kudzabwereka pa ukwati, anawakaniza. Kuyambira pamenepo kumjigo kunandivuta. Amayi ankati ndikafika, "Abwera eni wailesi yonong'ona." Ena ankaloza khitchini yathu, imene inali idakali ya udzu. Ndinkangotunga madzi n'kumapita, maso ali pansi.

Koma Lamulungu masana, tikabwera kutchalitchi, amuna anga ankatseka chitseko n'kuyika mpando pakati penipeni, moyang'anana ndi makoluna. Ankayatsa kaye ampulifikadori, imati tha! mkati mwake, kenako ankadikira kuti ifunde. Amati ikazizira mawu ake amauma. Tsiku lina anandikhazika ineyo pampandopo.

"Khalani apa. Musapendekeke. Tsinzinani."

Ankayimba anali mayi, m'chinenero chimene sindichidziwa. Ndinamva akukoka mpweya asanayambe mawu. Ndinamva chala cha woyimba gitala chikutsetsereka pa waya. Mawu a mayiyo sankachokera kumanja kapena kumanzere, ankachokera pakati, pakhoma, pamene panalibe kanthu koma kalendala. Ndinadzuka kukasuzumira kumbuyo kwa tebulo. Amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. Ine sukulu sindinapite nayo patali, sindingathe kufotokoza mmene zimenezi zimachitikira. Ndimangodziwa kuti ndinayamba kuyembekeza Lamulungu, ndipo kumjigo sindinauzeko munthu.

Chinthu chimodzi ankandibwerezera chaka ndi chaka mvula ikayamba. Amati chinyontho chimadya zamkati mwa bokosilo, ndiye liziyatsidwa m'mawa uliwonse kuti lifunde, ngakhale popanda nyimbo.

Anamwalirira kuchipatala ku Cuamba, chimanga chikumasula ngayaye. Tinakawayika kwawo ku Ngauma. Ine ndinabwerera ku Mandimba nditavala lutu, zakuda kuyambira duku mpaka chitenje. Kwa abale a amuna anga, mkazi akakhala mu lutu m'nyumba simulira wailesi kapena chilichonse choyimba, mpaka tsiku lovula. Alamu anga aakazi, mlongo wawo wa malemu, anandiperekeza, ndipo asanabwerere kumudzi kwawo anatenga chitenje n'kufunditsa zipangizo zonse zija.

Mvula inali ikugwabe. Makoma anali kutuluka thukuta, nsapato za malemu zinachita nkhungu pansi pa bedi. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkalowetsa dzanja pansi pa chitenje n'kuyatsa bokosilo. Disiko sindinayikepo ngakhale kamodzi. Limati tha! kenako zii. Likafunda ndinkayikapo zikhatho zanga zonse ziwiri. M'nyumba monsemo panalibenso china chofunda chimene manja awo anachizolowera.

Tsiku lina alamu aja anafika osanena, atasenza chimanga chachiwisi. Potula dengu anatsamira patebulo, dzanja lawo n'kugwera pachitenje paja. Analichotsa msanga.

"Alamu, ichi chikutentha bwanji?"

Ndinatembenuka kukawatungira madzi akumwa. Anandiyang'ana kuyambira duku mpaka kumapazi. Madzi amene ndinawapatsa sanamwe.

Nkhani inafika ku Ngauma, kenako inabwerera ku Mandimba itanenepa. Amati mkazi wamasiye amatseka chitseko n'kumaliza nyimbo, dothi la pamanda lisanaume. Ena amati amavina. Kutchalitchi amayi ankasunthira kumapeto kwa benchi. Wina pamsika anandipatsa moni mokweza kuti, "Mwadzuka bwanji, mayi a gule?" Ndinasiya tomato amene ndinali nditasankha kale.

Tsiku lovula lutu linafika titakolola, nyengo yozizira. Abale a malemu anabwera, katundu wa malemu n'kutulutsidwa panja pamphasa: jekete, nsapato, njinga, makasu, mipando, ndi zipangizo zija. Kwawoko kagawidwe kake n'kakuti m'bale aliyense atengeko kanthu, pasakhale wobwerera chimanjamanja, ndipo wamasiye ndiye amayamba kuloza chinthu chimodzi choti chikhale chake. Mng'ono wawo wa malemu, amene ali ndi baraka yogulitsira mowa ku Mitande, anali atayamba kale kupukuta makoluna ndi malaya ake.

Amene ankatsogolera anali alamu aakulu, achimwene awo a malemu, munthu wofatsa, mlimi wa fodya. Anati, "Alamu, tisanagawe, makutu athu amva zambiri. Kodi munkaliza chinthuchi muli mu lutu?"

"Sindinalize, alamu."

"Nanga chinkatentha ndi chiyani?"

Ndinafotokoza za chinyontho, mmene malemu anandilangizira. Wa baraka uja anaseka. "Imvani izi! Chitsulo chayamba kumva mphepo ngati khanda? Mwina muzichifunditsanso bulangeti, alamu." Anthu anaseka naye, ngakhale amayi. Za zikhatho zanga sindinanene. Ndikanayamba bwanji, pamaso pa amuna onsewo?

Alamu aakulu anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. "Chabwino. Lozani chanu chimodzi."

Ndinkadziwa choyenera kunena. Ndinayenera kunena kuti zinthu izi si mbuzi zoti wina atenge yaikazi wina yaimuna, ndi chinthu chimodzi, mukazilekanitsa palibe chimene chiyimbe bwino. Malemu akanatero. Koma ndikanati ndikufuna makoluna, aliyense pamenepo akanati, mwaona, nyimbo zija amazifunadi. Alamu aakazi anali akundiyang'ana pakamwa. Ndinatambasula dzanja n'kuloza bokosi lokhalo.

Alamu aakulu anafunsa wa baraka ngati bokosilo limayimba palokha. Iye anati ayi, ndi chitsulo chabe, iye ali nacho chake chaching'ono chogula pamsika chimene chimakuwa kuposa pamenepo. Nkhope ya alamu aakulu inamasuka. Anatembenukira kwa anthu n'kunena kuti, "Mwaona? Asankha chosayankhula. Munthu wokonda gule angasankhe chimenechi? Mabodza aja athere pano." Amayi analuluta. Alamu aakazi anabwera kudzandimasula duku lakuda ndi manja awo, n'kundimanga lamaluwa.

Makoluna anapita ku Mitande. Choyimbira madisiko anatenga alamu aakaziwo, ngakhale kwawo kulibe magetsi. Madisiko anawagawa amodziamodzi kwa adzukulu, ndipo ndinamva kuti ena anakawapachika m'munda wa mapira kuti aziwopseza mbalame ndi kunyezimira kwake. Sindikudziwa ngati ya mayi uja ili pamenepo.

Dzina langa linayera. Kutchalitchi anthu anabwereranso pabenchi, ndipo wa pamsika uja amandiwonjezera tomato. Akandiyamikira kuti ndinasunga lutu bwino, ndimangovomera, koma ndimadziwa kuti nyimbozo ndinkazifuna, ndipo ndikuzifunabe.

Chaka chatha ndikupita ku Cuamba kwa mwana wanga wamkazi, shapa inaima pa Mitande kutsitsa anthu. Makoluna aja anali panja pa baraka, padzuwa, limodzi litasanjikidwa pa linzake, pamwamba pali botolo. Ankalira mosasa ngati chidebe chong'ambika. Ndinakoka chitenje kuphimba kumaso mpaka tinanyamuka. Nditamuuza mwana wanga, anati, "Mayi, tikugulireni ena. Kuno amapezeka." Ndinamukaniza. Anthu aja anandiyeretsa chifukwa ndinasankha chosayankhula. Akadzamva nyimbo zikutuluka m'nyumba mwanga adzati chiyani?

Bokosilo lili patebulo pomwe paja. Mawaya ake awiri akulendewera kumbuyo, alibe kolowa. Mpando uja unapita ku Ngauma, ndiye ndimakhala pa chitsa chimene ndimayika pakati, moyang'anana ndi kalendala. Mvula ikayamba ndimaliyatsa m'mawa, limati tha! ndipo ndimadikira kuti lifunde.