Galimoto Yofuna Kunyengerera

Bambo oyandikana nafe amasunga magalimoto awiri a zitseko ziwiri m'galaja mwawo, ina yakale yofiira, ina yatsopano yotuwa. Anzawo okonda kusunga magalimoto akawafunsa kuti yopambana ndi iti, sachedwa kuyankha: "Yatsopanoyi ndi yaliwiro, koma ilibe mwini, aliyense amailiza. Yakaleyi imafuna kuinyengerera." M'mawa uliwonse amaipukuta yakaleyo, amailiza, kenako amatchera khutu ngati akumvetsera kupuma kwa wodwala.

Maso awo atayamba kuchita chidima, dokotala anawaletsa kuyendetsa. Tsiku limenelo ndinawaona akuitana mwana wawo wamkazi. Kiyi wa yatsopano anangomuponyera. Koma m'yakale ija anamukhazika pampando, iwo ataima pawindo.

"Ponda pang'ono, mwanangu. Usaikakamize."

Injini inatsokomola n'kuzima.

"Ababa, bwanji tingoigulitsa? Ofuna alipo."

"Amenewo adzangoiika pachionetsero, osailizanso. Yatsopanoyo sindikuidera nkhawa, sidzandisowa. Koma iyi ndikapanda kukuphunzitsa, idzafa tsiku limodzi ndi ine. Yesanso."

Mwanayo anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kugwiranso kiyi.