Kabuleta Imene Ananyamula Ines

"Anakutumani ndani? Ndikufunsa inu, alamu! Anakutumani ndani kugwira njinga ya eni ake?"

Anali a Lusiya amenewo, mayi amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi pa Lungwena palibe anawamvapo akukweza mawu. Tsiku limenelo anaima pakati pa bwalo, mpango uli pansi, chala chili pamphuno pa Che Sefu. Utsi wa njinga yamoto unali usanathe pabwalopo. Amuna awo, a Avelino, anali atakhala m'fumbi, akupuma ngati munthu wovuulidwa m'madzi, chala chakuphazi chikuchucha magazi.

"Ine ndimati ndithandize," anatero Che Sefu. "Walahi, mlamu, ndimati asangalale."

"Asangalale! Ndiye taonani mmene asangalalira!"

Che Sefu si munthu wogonja pa mkangano. Aliyense amene anayesapo kuwanenerera mtengo wa usipa pa Namwera akudziwa. Koma m'mawa umenewo pakamwa panawauma, chifukwa anali atayamba kuona chimene anachita. Ndipo inu amene munkaseka a Avelino zaka zonse zija, mukuti ndi wamisala wopukuta chitsulo chakufa, khalani pansi mumve.

A Avelino sanali makaniko. Kwawo, kufupi ndi Mandimba ku Mozambique, anali kalaliki pamalo ogulira thonje. Njinga yamoto inali chabe chinthu chimene mtima wawo unakonda. Anaigula ili yakufa, ya mtundu wina wa ku Ulaya umene kuno kwathu sunkapezeka, nkuidzutsa okha pang'onopang'ono. Lamlungu lililonse akachoka ku tchalitchi ankayala chiguduli pansi pa mtengo wa mango, kumasula, kutsuka ndi palafini, kumanganso, ngakhale palibe chawonongeka. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ines, ankakhala pambali atagwira mbale ya mabawuti. Che Sefu anadziwana nawo masiku amenewo, akupita kukagulitsa nsomba zouma kumeneko nkhondo isanakule. A Avelino anawaongolera gudumu la njinga yakapalasa, nkukana kulandira kanthu. Ubale unayambira pomwepo.

Mu 1987 anthu a mfuti anafika m'midzi yoyandikana nawo. Njinga yamoto simungathawe nayo nkhondo, phokoso lake limakuitanirani imfa kuchokera kutali. Munthu wina aliyense akanaisiya. A Avelino anaimasula yonse nkuigawa ngati katundu wa pa ulendo. Injini anabereka okha m'thumba. Felemu ndi matayala anatenga mng'ono wawo Eduardo. A Lusiya anasenza thanki pamwamba pa mtolo wa mapoto. Ines, wa zaka khumi ndi zitatu, anamupatsa chopepuka pa zonse: kabuleta, kachitsulo kongokula ngati chibakera, kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya kuti injini ilire. Anaikulunga m'kansalu nkumumangirira m'chiuno.

"Usaitaye, mwanawe. Popanda iyi njinga siilira. Tikasiyana m'njira, ukafunse kwa Che Sefu wa nsomba, ku Lungwena. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Akuwoloka mtsinje mfuti zinalira, anthu anabalalika ngati nkhuku. Atafika mbali ino anawerengana. Injini ilipo, thanki ilipo, matayala alipo. Ines palibe.

Anafufuza. Musaganize kuti sanafufuze. Anayenda misasa ya othawa nkhondo mpaka nsapato zinatha, dzina analembetsa paliponse pamene ankalemba anthu osowa. Kenako anabwera kwa Che Sefu, amene anawapatsa malo kuseri kwa nyumba yawo ndi kamunda ka chinangwa. Ena atawauza kuti asamukire ku msasa kumene chakudya chinkafika msanga, a Avelino anakana. Mwana anauzidwa Lungwena, ndiye adzafunsa Lungwena.

Njinga anaimanganso pansi pa kachisakasa, ndipo inakongola kuposa kale. Chishalo anachitalikitsa kuti pakwane anthu awiri, nkuchikuta ndi chikopa cha mbuzi imene Che Sefu anapha pa Idi. Hutala anachotsa ku lole ina imene inafera pamsewu wa ku Makanjira. Masipoko ankapukuta limodzilimodzi ndi phulusa. Mwezi wina anasinthanitsa mafuta ophikira a pa khadi la othawa nkhondo ndi kachitini ka penti wofiira, a Lusiya nkukhala masiku atatu osawayankhula. Lamlungu lililonse ankamasula pulagi, kudonthezamo oyilo, kumenya kiki kangapo kuti injini isagwirane m'kati. Inkangopumira, fu, fu, osalira. Pamalo pa kabuleta panali bowo lotsekedwa ndi kansalu koyera, ndipo kansaluko ankakachapa.

Chimene chinkawapweteka Che Sefu kwambiri chinali zopondapo zakumbuyo. A Avelino anazipanga ndi chitsulo cha bedi, anakawotcheretsa ku boma. Chaka chilichonse, mvula ikamayamba, ankazimasula nkuboola mabowo ena pansi pang'ono.

"Achimwene, mukuzitsitsiranji?"

"Mwana akukula. Miyendo yatalika tsopano."

Pa doko anthu ankaseka. "A Velino, tibwerekeni mthuthuthu wanu tikagulitse chambo ku Joni!" Wina anati njingayo ndi ya Chisilamu, ikusala kudya chaka chonse. Che Sefu anamugwira pakhosi ameneyo mpaka anthu kuleretsa. Makaniko wina wa ku Mangochi, Bonface, anabwera nkunena kuti atha kulumikiza kabuleta ya mtundu wina ndi kapaipi, njinga nkulira tsiku lomwelo. A Avelino anamuthokoza mwaulemu, nkumuperekeza mpaka kumsewu.

"Yake ili m'njira," anatero.

Nkhondo itatha anthu anayamba kubwerera. Eduardo anapita. A Lusiya nawo anafuna kupita, akaone kumudzi, akafunse, ndipo ngati nkulira akalire ngati mmene anthu amalirira. A Avelino yankho lawo linali limodzi: "Njinga isanalire, ine pano sindichoka."

Apa ndi pamene Che Sefu anaphonya. Iwo anamva mawuwo monga ananenedwera. Anaganiza kuti mnzawo akukana za Bonface chifukwa akufuna kabuleta yeniyeni ya mtundu wake, monga amachitira anthu okonda zinthu zawo. Ndiye anayesa kamwa la injini ndi kachingwe, nkumayenda nako m'thumba. Ku Mangochi kunalibe. Ku Namwera kunalibe. Anakaipeza pa msika wa kumalire, ku Chiponde, kumene masiku amenewo katundu wa kutsidya ankayalidwa pamasaka: makina osokera, maloko, mapoto, mawilo a njinga, zinthu zoti mukaziona mumadziwa kuti zinali ndi eni ake. Kachingwe kanakwana ndendende. Analipira ndi dengu lonse la utaka, nkubwerera akuimba.

Loweruka m'mawa a Avelino ali kumunda, Che Sefu anaitana Bonface. Anachotsa kansalu koyera kaja, kumanga, kuthira petulo. Kiki yoyamba, zii. Yachiwiri, inakhosomola. Yachitatu, njinga inabangula mpaka mbuzi zinadula zingwe.

Tsono ganizani munthu ali kumunda, wawerama, akupalira. Zaka zisanu ndi chimodzi akudziwa chinthu chimodzi chokha: tsiku limene injini ija idzalire, ndiye kuti Ines wafika. Anataya khasu. Anathamanga kudula m'minda ya anthu, kupunthwa pa chitsa, kudzuka, akufuula dzina la mwana mudzi wonse ukumva. A Lusiya ku chitsime anamva injini, anamva amuna awo akuitana, nawo anasiya ndowa nkuthamanga. Anafika pabwalo pamodzi. Anapeza Che Sefu ali pachishalo, mano onse pamtunda.

A Avelino anayang'ana kuseri kwa njinga. Anasuzumira m'nyumba. Anazungulira kachisakasa. Kenako anangokhala pansi.

"Inu muli ndi ana asanu ndi awiri, alamu," a Lusiya anapitiriza. "Madzulo mumawawerenga, onse alipo. Mukudziwa chiyani inu? Ine ndinali nditayamba kuzolowera. Lero mwandithamangitsa ngati mtsikana, ndikuti ndikamukumbatire. Mwandiphera mwana kachiwiri!"

Akazi a Che Sefu, a Alima, anabwera kudzawagwira paphewa. Bonface anayamba kutolera masipanala ake mwakachetechete.

A Avelino anadzuka. Sanakalipe. Anapempha sipanala kwa Bonface, nkugwada pambali pa njinga kuti achotse chinthu chachilendocho. Atangoyamba kumasula bawuti, dzanja linafika pa kabuleta, nkuima. Anapukuta ndi chala chachikulu. Anawerama mpaka mphuno kugunda chitsulo.

"Achimwene," anatero motsitsa, "mwaitenga kuti?"

"Ku Chiponde. Ndikhululukireni, ine..."

"Lusiya, bwera uone."

Pambali pa kabuletayo panali kasikuluwu kosinthira kaliridwe ka injini. Sikanali kachitsulo ngati tinzake. Kanali kamkuwa, kopindidwa kumutu ngati mbedza. Kake kenikeni kanatayika kalekale ku Mandimba, ndipo a Avelino anasula kameneka kuchokera ku mbaula ya pulayimasi yakutha ya a Lusiya, nkukapinda chotero kuti Ines azitha kupotokola ndi tizala take popanda chida. Dziko lonse lapansi kasikuluwu kotero kanali kamodzi.

A Lusiya anakagwira, nkukhala pansi pomwe anakhala amuna awo paja.

Ndi Bonface amene anawonjezera moto, mosadziwa. "Koma bambo, ine ndinadabwa pomanga. Chinthu chimenechi sichinagone kutchire. Mulibe dzimbiri ngakhale pang'ono. M'kati monse munali mafuta, ndachita kutsuka ndi petulo. Mafuta ake ngati a mtedza, ophikira. Wina wake amachisamalira, ndipo si kale kwambiri."

Ndani kutchire kuja akanatenga mafuta ake ochepa odyera nkumadzoza kachitsulo kopanda njinga? Ndani anaphunzitsidwa zimenezo pansi pa mtengo wa mango?

A Avelino anamangitsanso bawuti imene anayamba kumasula ija. Bonface anakhuthulira m'thanki petulo yense anatsala m'chigubu. Kwa nthawi yoyamba njinga ija inaponda msewu wa Malawi.

"Kwerani, achimwene. Mukandionetse munthuyo."

Che Sefu anakwera pachikopa cha mbuzi yawo yomwe. Atati aike mapazi, a Avelino anatembenuka.

"Apo musapondepo."

Ndipo Che Sefu, bambo wamkulu wa ndevu zake, anayenda ulendo wonsewo miyendo ili lendelende, kukwera zitunda za Chowe, kudutsa Namwera, ntchafu zikuyaka moto, osadandaula ngakhale kamodzi. Njinga inkakoka bwino zedi. Zaka zonse zopukuta zija sizinapite pachabe, ndipo zimenezo ndiye zinkapweteka kwambiri.

Wogulitsa uja anamupeza ali pamasaka ake, akudya chinangwa chootcha. A Avelino anavula chipewa nkufunsa mwaulemu, ngati kalaliki. Munthuyo sanadzutse nkomwe mutu.

"Katundu amabwera m'matumba, bambo. Ine sindifunsa."

"Amabwera naye ndani?"

"Anthu."

"Anthu ake ati? Chinthu ichi ananyamula ndi mwana wanga wamkazi. Ndikungofuna kudziwa ngati anagulitsa yekha, kapena..."

"Zogulitsa sizibwezedwa. Ngati simugula, musanditchingire makasitomala."

Apa Che Sefu mawu awo anabwerera, onse amene anawathawa m'mawa aja. Anaponda pa saka, maloko ndi masupuni nkumwazika.

"Iwe! Tayang'ana kuno! Ukuti sufunsa? Dengu langa la utaka unalifunsa bwinobwino, unachita kununkhiza nsomba imodziimodzi! Makina osokera awa mwini wake ali kuti? Mapoto awa anaphikira ndani? Ukudya chinangwa pamwamba pa nyumba za anthu, ndiye ukuti sufunsa?"

Msika unasonkhana. Wogulitsayo ataona kuti anthu achuluka anayamba kufewa. Anati alipo mwamuna wina wa kutsidya, wamtali, woduka khutu limodzi, amene amabweretsa matumba mwezi ukamatha. Dzina sakulidziwa. Kumene amakhala sakudziwa.

Mwezi unatha, munthuyo sanabwere. Unatha wina. A Lusiya anapita kwawo ndi malole obwezera anthu, anakafunsa mudzi ndi mudzi, nkubwerera chimanjamanja. A Avelino tsiku lililonse la msika ankaimika njinga moyang'anizana ndi masaka aja, nkuisiya ikulira pang'onopang'ono, kuti ngati alipo wina m'khamulo wodziwa kaliridwe kake atembenuke. Anthu ankatembenuka ambiri, poti njinga inali yokongola. Mvula itayamba, anamasula zopondapo zija, anazigwira m'manja nthawi yaitali, nkuzibwezera pamabowo omwewo. Mtsikana wa zaka makumi awiri sakulanso.

Che Sefu sanasiye kupita nawo, ndipo sanasiye kukalipa. Wogulitsa uja anasamutsa masaka ake kawiri, iwo nkumutsatira komweko.

"Usandiuze za mawa, iwe! Thumba silinayende lokha kuchoka kutchire. Alipo analinyamula, alipo anamasula kansalu m'chiuno mwa mwana uja, ndipo ali ndi dzina, amadya, amagona. Ngati anagula, anene anagula kwa ndani. Ngati analanda, anene anamusiya pati, mayi ake akadziwe pokalira. Mubweretse pano, aime pamaso pa bambo awa, ayankhe!"