Switi ya Kapitawo

Mayi wosoka zovala m'kachipinda koyandikana ndi ometa tsitsi, aliyense amawatchula kuti aNasingano. Ndi mayi wamataya, woti ukawapempha batani limodzi amakupatsa dzanja lodzaza.

Pa shelefu yawo, pakati pa ulusi ndi mazipi, pamakhala botolo la maswiti. Mwana akabwera kudzayezedwa yunifomu amamuuza kuti, "Ukaima osagwedezeka, switi ndi yako." Ana amaima njo! ngati asilikali.

Galu wawo Kapitawo anaonera pomwepo. Anamutola ali kamwana amuna awo atangomwalira, ndipo m'nyumba munatsala awiriwo basi. Mwana akangochoka, Kapitawo ankapita kukaima pamalo omwewo, chifuwa patsogolo, maso pa botolo. Nanga akanamumana ndani? Ananenepa mpaka khosi kusowa, m'kamwa mukununkha, koma aNasingano ankanyadira kuti galu wawo sagona ndi njala.

Tsiku lina mpongozi wawo anawabweretsera bokosi la chokoleti chakuda, chodula chija. ANasingano atalawa anachita tsinya. Kuwawa kwake ngati mankhwala! Kutaya mphatso ya mpongozi sakanatha, kubweza n'chipongwe. Mpongozi atangotuluka, anakhuthulira chonsecho m'mbale ya galu.

"Idya, bambo, lero zako zayera."

Pofika masana Kapitawo anali akusanza pansi pa tebulo lodulira nsalu, thupi lonse njenjenje, mtima ukugunda moonekera panthiti. ANasingano anasiya diresi la mkwatibwi lili pa makina, n'kumukulunga galuyo m'nsalu ya makatani a kasitomala, liwiro kwa dokotala wa ziweto. Mantha anawagwira zedi. Njira yonse ankangoti, "Nawenso usandisiye, wamva?"

Dokotalayo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, sanawakalipire. Anabaya galu jakisoni n'kumuika dripi, kenako anakhala nawo pa benchi.

"Amayi, chokoleti ndi poizoni kwa galu, makamaka chakudachi. Maswiti wambawa amaoletsa mano ndi kunenepetsa, ndipo ena olembedwa kuti alibe shuga amatha kupha msangamsanga."

"Mwanangu, inetu ndimayesa ndikumukonda."

"Mwachita bwino kufulumira naye. Akachira, switi asadzailawenso."

Anachira ndithu, Kapitawo ndi wouma mutu. Anamuzulanso mano awiri ovunda, ndipo patapita masiku anabwerera ku ntchito yake yogona pafupi ndi chopondera cha makina. Eni makatani atamva nkhaniyo anangoseka, nati bola achapidwe.

M'mawa wina kunabwera kamtsikana kodzayezedwa siketi. Kanaima bwinobwino, kanalandira switi yake, kanapita. Posakhalitsa Kapitawo anadzuka pang'onopang'ono, mwendo uli wometedwa pamene panali dripi paja, n'kukaima pamalo ake. Dzanja la aNasingano linapita lokha ku botolo. Galu anagwedeza mchira. Koma abale, mtima wa munthu! Unawawa ngati akumumana chakudya mwana wobala okha. Anabweza dzanja, natseka chivindikiro mwamphamvu.

Kapitawo analira chapansipansi, akuwayang'ana m'maso. Iwo anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kumugwira makutu onse awiri.

"Ayi, bambo. Undikwiyire ngati ukufuna, koma ine ndikukufunabe pano."