Mayeso a timabokosi ndi zikang'a za amalume

Mboni zanga ndi zitatu. Alamu anga ogulitsa zinanazi pa Chinakanaka, aphunzitsi athu a masamu omwe pano makutu anatseka, ndi amalume. Amalumewo anamwalira, koma mpaka lero sanatsutsepo liwu langa ndi limodzi lomwe.

Amalume ankasenza katundu wa alendo kuchokera pa Likhubula kukwera naye phiri la Mulanje. Zikang'a zawo zinali zakuya moti njere ya chimanga inagweramo nthawi ya dzinja ina, n'kumera. Tinakazinga. Mwana wawo, msuweni wanga, anakula akuyang'ana mapazi amenewo, ndipo analumbira kuti adzaphunzira udokotala wa mapazi ndi mafupa basi.

Mutu anali nawo. Kusukulu kwathu zolembera zofiira zinkatha chifukwa chochonga mabuku a iyeyo. Mayeso a Fomu 4 atatuluka, mapointi ake anali ochepa okoma, oti n'kubisa m'chikhatho. Anga anali ambiri, ofuna njinga ya kabaza.

Koma koleji sinkakhutira ndi mapointi okha. Inkafunanso mayeso ake olowera, ku Blantyre. Tinapita tonse. Ine ndinalembetsa nawo mayesowo pofuna kukaona tauni. Ndimakumbukirabe fungo la tiyi wonyowa m'mawa umenewo, ndi chinangwa chomwe azakhali anatikulungira m'nyuzipepala.

Mayesowo anali achilendo. Funso lililonse linali ndi timabokosi, iwe n'kudetsa kamodzi ndi pensulo, ndipo ankachonga ndi makina. Vuto linali lakuti aphunzitsi athu aja anatilera ndi lamulo limodzi: yankho lopanda njira yake ndi lakuba. Msuweni wanga anamvera. Funso lililonse ankalifotokoza bwinobwino m'mphepete mwa pepala, kulemba mzere ndi rula, kenako kudetsa kabokosi mwaulemu. Belu linalira asanafike ndi pakati pomwe. Ine ndinadetsa onse, mokhotakhota ngati mizere ya tiyi paphiri, n'kutsala ndi nthawi yogona.

"Ase, walembako zifukwa?" anandifunsa tikutuluka.

"Makina safunsa zifukwa, msuweni."

"Ndiye adziwa bwanji kuti sunabere?"

Njira yonse yobwerera ku Mulanje chinangwa chake sanachikhudze.

Zotsatira zitabwera, tinakawapeza amalume pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Tinawafotokozera kuti koleji inkafuna zonse ziwiri. Mwana wawo anapambana pa mapointi koma anagwa mayeso olowera. Ine ndinakhoza olowera, mapointi n'kundigwetsa.

Amalume anatiloza mmodzimmodzi.

"Ndiye kuti awirinu mukaphatikizana mukukwana dokotala mmodzi?"

"Eya, amalume."

"Nanga sangakulandireni nonse, muzikhalirana mpando?"

Msuweni wanga anaseka mpaka misozi, ndipo ina mwa misoziyo sinali ya kuseka. Atatha anagwada, n'kutenga mwala wotsukira, nayamba kuwakwecha bambo ake chidendene.

"Pang'onopang'ono, adokotala atheka," anatero amalume. "Theka linalo likatenge sopo."